Loko Watsopano pa Gitala ya Ababa

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mphepo yanyanya, fumbi likuchita kulowa m'shopu mpaka pamagitala a makasitomala amene tapachika kukhoma. Ndasankha kulemba kalata chifukwa mukaimba foni ababa amakhala pambali panga, ndiye zina ndimangomeza.

Mwezi watha ababa anabwera kuchokera ku ukwati kumene anakaimba ndi bandi yawo, n'kukankhira gitala yamagetsi yofiira ija kunsi kwa tebulo, osaipukuta n'komwe. Inu mukuwadziwa, munthu amene amayamba wapukuta gitala asanavule nsapato. Nditafunsa kuti zayenda bwanji, anangoti, "Ndasiya, mwananga. Khutu latha."

Zonse ndinazimva mawa lake kwa woimba ng'oma. Akuti gitala inkangosokonekera nyimbo ili pakati, mpaka mkulu wa bandi anatembenuka katatu, anthu akuona, n'kumati, "Madala, tachunani!" Pomaliza anawauza mwaulemu kuti mwina ndi nthawi yoti apume. Zaka makumi atatu ali m'bandi imeneyo, Achimwene.

Sabata yathunthu sanaikhudze. Ankakonza za anthu ena, koma osaimba mluzu ngati kale. Tsiku lina atapita kokameta, ndinaitulutsa. Mukukumbukira kachitsulo kaja kali kumapeto kwa khosi la gitala, kamene timati loko? Kali ndi timbale titatu, kalikonse kamapana nsambo ziwiri ukamanga sikuluwu, kuti zisasunthe ukatha kuchuna. Nditamasula ndinagwira pakamwa. Nsambo zinali zitakumba tingalande pa timbaleto, ndipo sikuluwu yapakati inkangozungulira osagwira kanthu. Ukangogwedeza kandodo kaja kotsitsira mawu, nsambo zinkatsetsereka. Wokonza magitala a tauni yonse, yake yomwe osaiona!

Ndinayeza kukula kwa khosi n'kukafuna loko wina kusitolo ya zoimbira. Woyamba anali wopapatiza, ndinabweza. Wachiwiri anakwana koma anakhala pansi kwambiri, moti nsambo zinkakhuza chitsulo choyamba cha pakhosi n'kumalira ngati njuchi. Ndinadula kachidutswa ka chitini cha zakumwa n'kuyala kunsi kwake. Mabowo a m'thabwa anali atakula, ndiye ndinatsekamo timitengo ta machesi ndi guluu. Ndili pakati pomanga ndinamva kafungo ka sopo wa kometera kumbuyo kwanga.

"Usamange ngati tayala la lole," anatero ababa. "Chikangoluma, siya."

Ndinawaika loko wakale m'dzanja. Anapita naye pawindo, n'kumayendetsa chikhadabo m'tingalande timene tija. Kenako anafunsa motsitsa, "Ndiye kuti si ine ndatha?"

"Chatha ndi chitsulo, ababa," ndinayankha.

Anaseka mpaka misozi, n'kumadzinena kuti ndi sing'anga wofa ndi chimfine. Madzulo omwewo anapita kwa mkulu wa bandi atanyamula kachitsuloko m'thumba la malaya ngati umboni wa kukhoti. Anawalandiranso.

Apa ndi pamene ndimalekezera ndikamafotokozera anthu. Inu ndikuuzani zotsalazo. Tsiku lomwelo ababa anachuna gitalayo ndi khutu, monga achitira moyo wawo wonse, n'kumanga loko, nkhope ili mwee. Koma nsambo ziwiri zing'onozing'ono zinali zitakwera kwambiri, Achimwene, ndipo iwo sanamve. Ndipamene ndinakumbukira kuti ketulo imalira mpaka kuphwa madzi iwo ali pompo, ndiponso kuti kasitomala akaima kumanzere kwawo amangomumwetulira osayankha. Loko anali atathadi, sindinaname. Koma sindinanene zonse.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse loti akaimba, ndinkadikira alowe kosamba, ine n'kumasula loko, kuchuna ndi kamakina kaja amakanyoza, n'kumanganso msangamsanga. Loko watsopanoyu amagwira ndithu, gitala imakafika ndi kubwerako osasuntha. Masabata atatu ndakhala ndikuba chonchi m'nyumba ya bambo anga.

Loweruka lapitali anatuluka kosamba msanga, thaulo lili m'khosi, n'kundipeza kasipanala komasulira loko kali m'manja. Ndinasowa poyang'ana. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Malizitsa," anatero. "Sopo yemwe ndikuwonongayu pokudikira iwe kubafa ndi wambiri."

"Mumadziwa?"

"Ine ndimasiya kasipanala kataloza kukhomo. Iwe umakasiya kataloza kuwindo." Anandigwira paphewa. "Zala zikadalipo, mwananga. Makutu ndizibwereka ako. Koma a bandi asamve."

Ndinachuna misozi ikugwera pathabwa, iwo n'kumapukuta ndi thaulo lawo, akudandaula kuti mchere umawononga penti.

Tsono pempho langa ndi ili. Akukana kupita kwa dokotala wa makutu, akuti akangowaika kachipangizo m'khutu anthu aziwayankhula mokuwa ngati mwana. Ine ndalephera, paja kwa iwo ndikadali kamtsikana kosesa m'shopu. Inu amakumverani. Muwaimbire Lamlungu masana, muwauze aike foni kukhutu lakumanja, ndipo muziyankhula pang'onopang'ono. Musanene kuti ndakuuzani. Muyambe ndi nkhani za mpira, zinazo muzilowetse cham'mbali monga mumachitira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndinasoketsa kale. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Woimba ng'oma akuti mukadali ndi timitengo take tiwiri timene munabwereka muli kusukulu, sanaiwale.

Ababa ali patsidya pa tebulo pano, akumata gitala ya mwana wa aphunzitsi, ndipo akuganiza kuti ndikukulemberani za fumbi ndi mphepo. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Ayamba ndi kunena kuti alibe, kenako aika guluu pansi. Akuti tchuthi chikubwerachi musadzabwere nokha ngati chaka chatha, mudzatenge ana onse, ndi wakhanda yemwe. Akuti asadzavutike ndi kuwabweretsera kanthu. Akungofuna adzukulu awo adzasokose m'nyumba muno chaka chino, osati cha mawa.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa ababa