Amuna anga asiya kununkha nsomba

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala ku Chikamveka kuno ku Zomba ndipo ndimagulitsa nsomba zouma mumsika waukulu. Zimene ndikukuuzanizi sindinauzepo ngakhale mayi anga ondibereka, chifukwa iwo akangomva lero, mawa mudzi wonse kwathu ku Malosa wadziwa.

Amuna anga, a Stafford, ndi msodzi wa ku nyanja ya Chilwa. Chikwatiranireni moyo wathu wakhala womwewo. Lolemba amakwera matola mpaka padoko la Kachulu, n'kupalasa kupita ku chimbowera chawo, kanyumba koyandama kamene asodzi amamanga pakati pa bango, ndipo amabwera Lachisanu. Ankati akamalowa pakhomo ana ankagwira mphuno, ine n'kumaseka, chifukwa fungolo linkabwera ndi ndiwo. Mwina simukudziwa, Aphungu. Msodzi ngakhale aphe zochepa bwanji, amayamba wapatula za kunyumba asanagulitse. Mayi anga anandilangiza kuti mwamuna wakunyanja akasiya kubweretsa ndiwo, usafunse ngati nsomba zatha, funsa kuti zikulowa khomo liti.

Chaka chatha kunyanjako kunabwera bungwe lina. Kale kunali kamalo kamodzi kakang'ono kamene ankaletsa kupherako nsomba, koma awa anakuza malire, n'kuzika nsungwi zomangirira nsalu zofiira mpaka kumeza dera lonse kumene kunali chimbowera cha amuna anga. Akuti kumeneko ndi kumene nsomba zimaswana ndiponso mbalame zimaikira, ndipo akuti alendo amene amakagona kuphiri la Zomba kuja azitsika kudzaona mbalamezo. Anthu padoko anasankha a Stafford kukhala wapampando wa komiti yolondera malowo. Chimbowera anaphwasula ndi manja awo. Nditafunsa kuti tsopano azigona kuti, anati kuofesi ya komiti. Aphungu, inu munaonapo ofesi yokhala ndi bedi?

Kuyambira pamenepo munthu uja wasintha. Akumabwera Lachisanu akununkhira sopo amene ine sindinagulepo. Foni ikalira amadzambatuka n'kukayankhira kuseri kwa mtengo wa mango. Woimbayo ndi mayi wina wa bungwelo, dzina lake Mavis, ndipo amawaitana kuti "Tcheya" ndi kamawu kotsetsereka. Mnzanga Fanny, wa benchi loyandikana ndi langa, amapita yekha kukapikula ku Kachulu. Iyeyo anandiuza kuti anawaona ndi maso ake, amuna anga ndi Mavis ali m'bwato, akulowera m'bango momwe muja amaletsa wina aliyense. Nditawafunsa amuna angawo anati, "Timakawerenga mbalame." Ndinati, "Nanga alendo aja ali kuti?" Anati, "Adzabwera, mai a Mwaiwathu, zinthuzi zimayamba pang'onopang'ono." Mpaka lero sindinamvepo za mlendo ngakhale m'modzi, koma mbalame zikuwerengedwabe.

Chimene chandiwawa koposa ndi ndiwo. Fanny akuti nsomba za makumba zikupezeka padoko, ena akupha kunja kwa malire. Amuna anga akuti iwo sangayerekeze kunyamula nsomba poyera, chifukwa anthu amene anawalanda maukonde anganene kuti wapampando akudyera malo oletsedwa. Ndiye Lachisanu lapitali anandibweretsera soya pisi wa m'golosale. Ine, mkazi wa msodzi, wogulitsa nsomba mumsika wa Zomba, kukazinga soya! Ndinalira ndi mkwiyo. Ndinawauza kuti, "Lachisanu likubwerali mubwere ndi makumba akuluakulu, aja a kumalo kwanu kwakale. Mukabwera chimanjamanja mudzapeza ndapita ku Malosa ndi ana." Iwo anati, "Mukudziwa chimene mukundipempha?"

Lolemba ponyamuka anatsitsa ukonde wawo wakale umene unali kudenga, n'kuupinda m'chikwama. Ndimayenera kusangalala, koma mtima wangoti pha. Kodi ndikupusitsidwa, Aphungu? Nkhani ya mbalameyi ndi yoona, kapena ndi nsalu yophimbira chibwenzi?

P.K., Chikamveka, Zomba

Mayi P.K.,

Musanamalize n'komwe kuwerenga yankho langali, tengani foni muwaimbire amuna anu. Muwauze mawu ochepa okha: ukonde uja asauponye, ndipo Lachisanu akupezani pakhomo, kaya abwera ndi nsomba kaya ayi. Zina zonse mukambirana pambuyo. Izi zokha sizingadikire.

Onani msampha umene mwatchera. Akabwera chimanjamanja, kwa inu ndi wachimasomaso. Akabwera ndi makumba a m'malo oletsedwa, ndi mbava, ndipo ndi mbava yoipitsitsa chifukwa ndi iwowo amene analanda anzawo maukonde pa mlandu womwewo. Padoko palibe chinsinsi. Anthu amene anawalanda aja akungodikira tsiku limeneli, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Adzachotsedwa pampando, mwina adzamangidwa, ndipo ku Kachulu sadzayendako ndi nkhope yowongoka. Inu mudzapikulanso kwa yani?

Komanso mayeso anuwo sangakuuzeni chimene mukufuna kudziwa. Malangizo a mayi anu anali abwino pa nthawi yake, koma ndimvereni ine amene ndawerenga makalata a amayi ambiri: mwamuna wachibwenzi salephera kubweretsa ndiwo. Amagula padoko pompo, zonona, n'kuwonjezerapo chitenje, kuti mkazi asafunse mafunso. Amene amabwera ndi soya pisi n'kuima chilili kudikira kukalipiridwa, ameneyo ngati ali wachinyengo ndiye ndi wachinyengo wopanda luso.

Musandimve molakwa. Sindikuwalumbirira a Stafford, sindiwadziwa. Sopo sakundiopsa ine, munthu woyembekeza kukweza alendo m'bwato ayenera kusamba. Koma za kuseri kwa mango zija sindikuzikonda. Nkhani ya mbalame ilibe chifukwa chobisalira. Muwauze mosazungulira kuti foni ya ntchito aziyankhira pamaso panu, ndipo muone mmene nkhope yawo isinthire.

Kenako pitani nokha ku Kachulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Fanny anaona bwato ndi anthu awiri, zotsalazo mwawonjezera nonse awiri pa benchi. Pitani masana, tsiku la pakati pa sabata, ngati munthu wopikula nsomba, osati ngati msilikali. Kaoneni ofesiyo ndi pogona pake. Mukamupeza Mavis mupatseni moni, mudzitchule kuti ndinu mayi a kunyumba kwa wapampando, ndipo mupemphe kuti tsiku lowerenga mbalame mukwere nawo. Ngati ndi ntchito, malo m'bwato apezeka. Mukayamba kumva zoti malamulo salola, bwato ndi laling'ono, bwerani mawa, pamenepo ndiye kaitaneni ankhoswe. Koma musakatukwane munthu padoko musanaone kanthu, chifukwa manyazi ake mudzasenza ndinu.

Muli komweko, kayikirani pamene pakuyenera kukayikira. Kusiyira nsomba malo oswanirana si bodza. Inu nomwe mukudziwa mmene nsomba zachepera msinkhu pa benchi lanu, ndipo mukukumbuka chaka chija nyanja inaphwa. Koma mabungwe amabwera ndi galimoto zoyera, zaka zingapo n'kupita, ndipo amuna anu aphwasula chimbowera chifukwa cha alendo amene sanafike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Afunseni a bungwelo: ntchitoyi itha liti? Ikatha, wapampando adzadya chiyani? Asodzi anavomereza okha malirewo, kapena anangopeza nsungwi zitazikidwa? Ndipo n'chifukwa chiyani wapampando sangakhale ndi masiku ake opha kunja kwa malire, komiti yonse ikuona, kuti ndiwo zizifika kunyumba popanda wolozera chala? Funso limeneli likayankhidwa, theka la mavuto anu latha.

Chenjezo langa ndi ili, mayi. Ngati foni yawo siipezeka ndipo Lachisanu afika ndi makumba akuluakulu aja, musaimbe nthungululu. Simudzakhala mutadziwa kalikonse za Mavis. Mudzangodziwa kuti muli ndi mwamuna amene angathe kuthyola lonjezo limene anapanga pamaso pa anthu, n'kulowa m'nyumba ngati palibe chachitika, ndiponso kuti amene mwamuphunzitsa zimenezi ndinu.

Aphungu