Miyala Yoyera Ija Inachotsetsa a Fanuel Ntchito

Chikangawa
17 Julayi 1977

Okondedwa achimwene a Kingstone,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu. Nanga chifuwa cha amayi chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwazizira chomene, ndipo nkhungu sikuchoka m'mapaini mpaka masana.

Achimwene, ndalemba ndi mtima wolemera. Mukukumbukira miyala yoyera ija ndinatola kudambo kumene anthu amawotcha laimu, nditabwera pa Pasaka? Munandiseka kuti ndikusenza katundu wopanda ntchito. Miyala imeneyo yabweretsa mavuto m'nyumba imene ndikugwira ntchitoyi.

Adona ali ndi bokosi lagalasi lodzaza madzi pabalaza, ndipo amawetamo tinsomba tofiira ta kunja, tongoonera basi. Amene ankalisamala ndi a Fanuel, akhuki athu, bambo wachikulire wa ku Champhira. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito nditangofika, ndipo ankandiitana kuti mwana wawo. Ndinawapatsa miyala ija kuti akongoletsere m'galasimo. Adona ataiona anakondwa nawayamikira, ife awiri tinangoyang'anizana n'kuseka.

Patapita milungu ingapo tinsomba tinayamba kufooka, kenaka kufa kamodzikamodzi. Pofika mwezi wa Juni tonse tinali titatha. Adona ananena kuti a Fanuel anatsuka galasi ndi sopo. Iwo anakana modzichepetsa, nati zaka khumi ndi chimodzi sanayikemo sopo ngakhale kamodzi, koma sanamveredwe. Anawachotsa. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu pamene anakwera lole ya matabwa, ndipo anandilangiza kuti ndigwire ntchito bwino, ndisadandaule za iwo.

Sabata yatha kunabwera a Malizani, amene amayeza dothi kuno ku nkhalango, kudzaona abwana. Atamva za nsombazo anapempha kuti tivuule miyala yonse, tiiyanike padzuwa. Itauma, anandituma viniga wa kukhitchini, nayamba kudonthezera pa mwala uliwonse. Pa nsangalabwi za kumtsinje sipanachitike kanthu. Atafika pa yoyera ija, viniga anachita thovu, kumveka ngati akuwira. Anafotokoza kuti mwala wotere uli ndi laimu, umasungunuka pang'onopang'ono n'kusintha madzi, ndipo nsomba zamtundu umenewu sizipirira. Anati mwala uliwonse uziyesedwa choncho, kenaka uzivikidwa m'ndowa sabata yathunthu usanalowe m'galasi.

Adona anangoti ndiye kuti wolakwa ndi Fanuel yemweyo, poti ndiye anayika miyalayo. Ine ndinali pomwepo, botolo lili m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinaopa kubwerera kumudzi chimanjamanja ana akadali pasukulu. Ndinakhala chete masiku atatu.

Lachinayi m'mawa ndinagwada pakhomo la pabalaza n'kuwauza zonse, kuti miyala ndinabwera nayo ndine, a Fanuel anangoilandira. Adona anandifunsa chifukwa chimene sindinanenere tsiku lomwe lija, ndipo ndinayankha kuti ndinachita mantha. Madzulo abwana anandiuza kuti a Fanuel akabwera mwezi uno usanathe, malo awo alipo. Za ine anati aona. Mpaka lero sindikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi, ndapota. Mutenge njinga mupite ku Champhira, si kutali ndi kwathuko. Mukafunse pa tchalitchi za a Fanuel Jere amene ankaphika ku Chikangawa, akakulozerani. Ndikadawalembera, koma maso awo saonanso bwino zolemba, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi akaimve m'kamwa mwa mlendo. Mukawauze kuti dzina lawo layera, sanalakwe kanthu. Mukawauzenso za masiku atatu aja, musawabisire. Akakana kubwera ndidzamvetsa, koma asakhale kumudzi akuganiza kuti manja awo anapha nsomba zija.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi musawauze kufikira nditadziwa za ntchito. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Ellen, ndi kwa ana anga Mavis ndi Towera. Muwauze alimbikire sukulu.

Mukabwerako mundiyankhe msanga, ngakhale mawu ake akhale owawa.

Ndine mlongo wanu,
Phoebe