Ndagulitsa kwa mavenda, Amayi

Amayi anga, kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Biriwiri tilipo, kungoti chisanu chinatikwapula chaka chino. Mdzukulu wanu Esita wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, kaliridwe kakenso n'kaukali ngati mmene munkatidzutsira kupita kudimba.

Chimanga chinachita bwino, munda wakumtunda uja sunatichititse manyazi. Koma nkhani yagona pomwepo. Paja munkati chimanga sagulitsa kwa munthu wodutsa, amapita nacho kumsika wa boma, poti chimene wasiya kumeneko umakachipezanso mu Febuluwale njala ikaluma. Ndi mmene munatilerera zaka zonse zimene abambo anali kumigodi ku Joni.

Msika uja anautseka chaka cha maliro anu. Pa wailesi ankati makampani a boma akungomeza ndalama za misonkho, ndiye amene amathandiza dziko lino akuti akonzedwe kaye. Mwina n'zoona, ine sukulu sindinapite nayo patali. Chimene ndaona n'chakuti achimwene a Mateyu, amene anayeza pasikelo paja mpaka kumera imvi, anawapatsa kalata yoti akapume. Za akuluakulu amene ankayendetsa zinthuzo, sitinamve kuti wina wabwerera kumudzi.

Anatilonjeza kuti akamaliza kukonzako atsegulanso. Ine, mwana womvera uja, ndinasanja matumba m'chipinda chanu n'kumadikira. Mankhwala a anankafumbwe ndinathira m'chimanga chakudya chokha, poti pakhomo panu chogulitsa sichinkagonera. Mavenda abwera kangapo, ine kuwabweza ngati akuba. Juni wadutsa, Ogasiti wadutsa, loko akadali pachitseko cha msika. Sabata yatha ndapisa dzanja m'thumba limodzi, ndatulutsa ufa wokhawokha, anankafumbwe atagaya kale. Ndinakhala pansi n'kulira, Amayi, ndipo sindinkalirira chimanga chokha ayi.

Ndiye dzulo chimene chinapulumuka ndagulitsa kwa mavenda a ku Mlangeni, pasikelo yawo imene achimwene atayiona anangoyang'ana kumbali. Ndaphwanya lamulo lanu, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Mundikhululukire. Koma ndimakudziwani, mukanakhalapo mukanandizazira kaye mpaka anthu amve kutsidya, kenako n'kundigwirira kukamwa kwa thumba kuti ndithire bwino.

Ndikulonjeza kuti msikawo atsegule kapena asatsegule, pakhomo panu pano sipagona munthu ndi njala. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya