Dikirani, Malume

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Kandeu tilipo, ngakhale si tonse athunthu. Kachewere wa m'dimba lanu tinakumba, madengu mpaka kutichepera. Alamu anga Nangozo, akazi a achimwene Yohane, anachira, mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Zabwino zathera pomwepa.

Mukuikumbukira nyumba ya alendo ija anamanga azungu m'nkhalango ya paphiri, kumene alongo anu, malume Zakeyu, ali kapitawo? Masiku ano azungu amabwerako kudzaona nyama. Amakhala pansanja ndi tiyi wawo, pansi atamangirira mbuzi kuti nyalugwe abwere. Ine ndinkawamasulira mawu. Ndilo phindu la sukulu munandivutikira ija.

Loweruka lapitalo malume anatenga mbuzi yanu yamawanga osapempha. Achimwene Yohane, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni, atamva anathamangira kuphiri nkhwangwa ili paphewa. Dzuwa litapendeka ndinangowaona ali pansi pa nsanja, akumasula chingwe. Nyalugwe anatsika mumkuyu kamodzin'kamodzi. Anawang'amba phewa, nawagwira mkono. Fupa ndinalimva kuthyoka ndili pamwamba. Malume anakweza mfuti. Pomwepo dona wina, kamera ili kumaso, anakuwa liwu limodzi lokha la Chichewa limene amalidziwa: "Dikira!" Ndinamuphunzitsa ndine, amayi, m'mawa wa tsiku lomwelo, kuti aziuzira wophika.

Ndipo malume anadikira.

Achimwene analimbana ndi chilombocho okha. Mkono wamanzere uli m'kamwa mwa chilombo, anachitema pamutu katatu mpaka chigaza kugawika, magazi awo ndi ake osasiyanitsika. Mbuzi ili moyo, yayamba kale kulowa m'madimba a eni. Mkono wa achimwene anaudula kuchipatala cha mishoni Lachiwiri. Munthu kutuluka m'migodi ndi zala zonse khumi, n'kudzasiya mkono kwawo chifukwa cha chithunzi! Mwana wawo sanamunyamulebe. Kuphiriko ine sindinapondekonso.

Munkakonda kunena kuti, "Esitere, lilime lakoli lidzakuthawitsira amuna. Uzikhululuka dzuwa lisanalowe." Lalowa kambirimbiri, amayi, ndipo ndikugona tulo tabwino.

Dzulo malume anabwera, tambala m'khwapa, chipewa m'manja. "Odi, mwana wa mlongo wanga. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, pepa." Ndinawagwadira bwinobwino monga munandilangizira, ndinati, "Dikirani, malume." Ndinatseka chitseko. Anakhala pamtondo panjapo mpaka tambala anawaipitsira jekete ya kuntchito. Lero abweranso, ndikuwaona pazenera ndikulemba kalatayi.

Musandikalipire kumeneko. Ndikulonjezani izi: mbuzi yanu ndiisamala, mdzukulu wanu ndizimubereka ine, ndipo alongo anu sindiwatukwana. Adzalowa m'nyumba muno tsiku limene achimwene adzawombe m'manja kuwalandira.

Ndine wokukondani mpaka kumeneko,
Esitere