Bilu Yanga ndi a Penhale

Lolemba, 3 Malichi
Sitima ya ku London yachedwanso. Bilu yanga ikambidwa Lachisanu ku Nyumba ya Malamulo: bwalo lililonse la mpira likhale ndi makina odzutsira mtima, osakhomedwa m'kabati. Ndakhala ndikuloweza zokanena, mpaka mayi wina wandifunsa ngati ndikupemphera.

Lachiwiri, 4 Malichi
Vuto ndi a Penhale. Zaka makumi atatu ali phungu, ntchito kupha mabilu a ife aphungu atsopano. Amangoimirira n'kulankhula mpaka nthawi itatha, basi bilu yafa. Ndawapeza m'chipinda cha tiyi akupaka jamu pa buledi.
"Mwanawe, malamulo achuluka kale ngati nkhunda za m'tauni muno."
Ndaseka nawo.

Lachitatu, 5 Malichi
Mayi Tansley a kwathu aimba foni. Amuna awo, a Derek, anagwa n'kumwalira akuimbira mpira wa ana, mtima utaima. Makina analipo, koma kiyi anali ndi munthu amene anapita kutchuthi. Bilu yonseyi inayambira pamenepo.
"Ndikubwera, Bethan. Chipewa ndagula kale."
Ndalephera kuwauza kuti mwina angovutikira ulendo.

Lachinayi, 6 Malichi
Kuti tidule a Penhale pakamwa pakufunika aphungu 100. Ndapeza 41. Ena onse akuthamangira kumadera kwawo.

Masana ndikuwaonetsa Mayi T. malo, tinakumana ndi a Penhale maso ndi maso pakhonde.
"Ndinu olongolola aja? Derek wanga analinso chimodzimodzi. Takhalani apa."
Anakhaladi! Ine Mayi T. anandituma tiyi ngati mwana. Pobwera ndinapeza a Penhale akupukuta magalasi, Mayi T. akuwasimbira za imfa ya a Derek.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndalankhula mphindi khumi. Nditangokhala, a Penhale dzuu, mapepala ali mtolo m'manja.

Anati biluyi yalembedwa mosalongosoka. Ndime yachitatu ndi phala lenileni. Kenaka anayang'ana m'mwamba, kumene kumakhala alendo, komwe kunali Mayi T.
"Koma phalalo tikalikonzera ku komiti."
N'kukhala pansi. Mphindi zinayi zokha. Wina kumbuyo anakuwa, "Mwadwala kodi, bwana?" Nyumba yonse kuseka.

Wapampando atafunsa, palibe anatsutsa. Yadutsa gawo lachiwiri.

Ndikulemba izi m'sitima yobwerera kwathu. Mayi T. agona paphewa panga. Foni yangolira kumene, uthenga wa a Penhale: "Lolemba, 9 koloko, ofesi yanga. Ubwere ndi cholembera chofiira."