Wometa wa m'wodi ya boma

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ife tinafika bwino kuchokera kumaliro a achimwene anu, ana ayambiranso sukulu.

Foni ya namwino inandipeza ndili pa makwerero kulaibulale komwe ndimagwira ntchito, ndikubweza mabuku pa shelefu. Anangoti ndibwere ndi wondiperekeza. Ndinayamba ndamaliza kusanja mabuku amene anali m'manja, poti sindinadziwe pena powaika. Kuyambira pamenepo mpaka pamaliro mawu anandithera, ndipo inu ndinu munkandiyankhulira, n'kumandikakamiza kumwa madzi. Zikomo kwambiri, alamu.

Koma ndinamva zomwe azakhali ankanong'ona kuseri kwa nyumba, zoti ndinaumira, n'kusiya achimwene anu afere kuchipatala cha boma pomwe kuntchito kwanga amatilipirira kuchipatala cholipira. Amayi anazimvanso, ndipo potsanzikana sanandiyang'ane kumaso. Chimenechi ndicho chikundisowetsa mtendere.

Kolipirako tinapita. Anatipatsa chipinda chathuchathu, choyera, cha wailesi yakanema ndi belu loitanira namwino. Mzere kunalibe, mankhwala sankasowa. Chisamaliro chawo sindingachinyoze. Kungoti makina otsuka magazi a odwala impso analibe, choncho kawiri pa sabata ambulansi inkawatengerabe achimwene anu kuboma. Dokotalanso anali yemweyo, m'mawa kuboma, masana kolipira. Achimwene anu ankamuseka kuti masana amangowonjezera tayi ndi kumwetulira.

Patatha sabata anandiuza kuti ndikawatengere makina awo ometera, tibwerere kuwodi ya boma. Ndinakana mpaka kulira. Iwo anati, "Mayi a ana, zaka makumi awiri ndakhala ndikumeta anthu uku ndikumva nkhani zawo. Muno ndikucheza ndi khoma."

Kuwodiko kunali mabedi makumi awiri ndi anayi, zenera lina losweka, ndipo masiku ena mankhwala tinkagula tokha. Koma Loweruka lililonse ankakhala pampando pafupi ndi khomo, odwala anzawo n'kumabwera mmodzimmodzi atanyamula madiripi awo. Mkulu wina woyendetsa basi ankadandaula kuti wometa wodwala amasiya zigamba m'mutu, komatu ndiye ankayambirira kufika. Manja atayamba kunjenjemera, achimwene anu ankangolangiza, woyendetsa basi uja n'kumameta anzake mokhotakhota. Masabata amenewo achimwene anu anaseka kuposa chaka chonse chathachi, ndipo ndimathokoza kuti sanandimvere.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalatayi, osadumpha pena paliponse, ngakhale paja ndanena kuti ndinakana. Akakhalabe okwiya ndipirira, koma adziwe kuti mwana wawo anasankha yekha, ali ndi nzeru zake zonse.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa bambo a kunyumba, kwa ana, ndi kwa azakhali omwe. Kuno tatsala atatu. Wamkulu amaphika, wamng'ono amatsuka mbale, ine ndimawaonera za kusukulu, ndipo tikuphunzira kukhala chonchi.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a ana a achimwene anu