Makadi a Deliwe

Lolemba, 10 Juni 2024

Deliwe wafika kuchokera ku Thambani pa pikapu ya manachesi. Nkhope yakugwa. Kalata ya ku yunivesite ili m'foni mwake: akaonekere ku komiti Lachisanu la sabata yamawa. Akuti Chingerezi cha m'pepala lake la kafukufuku si chake. Akalephera kufotokoza mawu ali mmenemo, digiri yathera pomwepo. Zaka zitatu akuphunzira ali pantchito, choko m'manja.

Mlongo wangayu anandipatsa pepalalo kuti ndingoona masipelo. Ndinapezamo Chingerezi cha ana ake a Sitandade 5. Ndinalilemba lonse mwatsopano, osamuuza. Iye anatumiza osawerenga, poti achimwene anaponda ku yunivesite. Mlandu wanga ndi wotani, kudziwa?

Lachiwiri, 11 Juni

Ndadula katoni ya sopo kumalire, kumene ndimadzazira mafomu madalaivala onenepa osatha kulemba dzina. Makadi 64. Kutsogolo liwu, kumbuyo tanthauzo. Prevalence, mitigate, correlation. Khumi patsiku. Alitchule, alimasulire, alipangire chiganizo chakechake. Ndi mmene ndinaphunzirira ine, popanda wondigwira dzanja.

Lachinayi, 13 Juni

Kuloweza akuloweza ngati Katekisimu. Ndikamufunsa chifukwa chimene anasankhira liwu ili osati linzake, akungobwereza za kumbuyo kwa khadi. Ndinamukalipira. Yankho lake: "Achimwene, ine ndinalemba zoti ana amathawa sukulu nthawi ya manachesi. Zinazi ndi zanu." Kusayamika.

Chiperoni tsiku lonse. Magalimoto a katundu ndandanda, osasuntha.

Loweruka, 15 Juni

Ndawerenganso kalata ija mpaka pansi. Wapampando wa komiti: a Dokotala Sungani.

Omwe aja. Mu 2013, ndili wophunzira ku yunivesite, anayala mapepala asanu ndi awiri patebulo, onse olemba ine, mayina a anthu ena. Lililonse atazinga ndi cholembera chofiira liwu limodzi: notwithstanding. "Ophunzira asanu ndi awiri, pakamwa pamodzi," anatero. Sindinadikire chigamulo. Kumudzi ndinati fizi yandikanika. Amayi anamwalira akudziwa zimenezo. Deliwe akudziwabe zimenezo.

Ndawerenga m'pepala la Deliwe. Liwu lija lilimo kanayi.

Lachiwiri, 18 Juni

Mawu 51 alowa. Exacerbate amalitchula ngati watsamwa fupa, koma alowa.

Wandifunsa chifukwa chimene khadi limodzi ndimangolibweza pansi. Ndati losafunika. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso a Amayi enieni.

Nambala yachilendo yandiimbira kawiri. Sindinayankhe.

Lachinayi, 20 Juni

Deliwe wakwera minibasi ya ku Blantyre m'mawa ndili kumalire. Pobwera ndapeza makadi onse patebulo, omanga ndi mphira. Watenga kope lake lakale la kafukufuku, lolemba pamanja, ndi kaundula wa ana ojomba. Pakhadi lapamwamba walemba ndi pensulo: Ndikanena zanga.

Zake ziti? Akamudya wamoyo. Masiku asanu ndi anayi ndataya pa munthu wosafuna kukwera.

Sindinadye.

Lachisanu, 21 Juni

Masana foni yalira, nambala ya Deliwe. Koma mawu a mwamuna, okalamba pang'ono, odekha monga kale. "A Paison, zaka khumi ndi chimodzi, liwu lija simunalitayebe?"

A Sungani akuti Deliwe kope lake waliteteza bwino, tsamba ndi tsamba, m'Chingerezi chake chomwecho cha Sitandade 5. Chatsala ndi chimodzi. Ndinene ndi pakamwa panga, komiti ikumva, kuti ndinalemba ndine iye osandituma, ndiponso kuti si koyamba. Ndikatero amulola kulembanso. Ndikapanda kutero, aziona ngati anachita kugula.

Deliwe ali pomwepo. Ndinamumva akutsokomola.

Ndinadula.

Ndamasula mphira, ndayala makadi onse 64 patebulo. Lowayankhira mulibemo.

Foni ikuliranso. Kachitatu tsopano. Akuti komiti imwazikana 4 koloko, pano ndi—